MADZI A KU WALKERTON: MBIRI YA TAUNI IMENE INAKHULUPIRIRA MPOPE WACHE

Pakati pa zinthu zonse zimene munthu amalandira tsiku ndi tsiku osafunsa, palibe choposa madzi a pa mpope. Wotunga pa dambo amaona yekha ng'ombe zirikumwa kumtunda, ndipo adziwa kuchenjera. Koma wotsegula mpope saona kumene madziwo achokera, ngakhale manja amene awasamala panjira. Iye angokhulupirira. Nkhani imene tifuna kulongosola pano ndi ya tauni yaing'ono ya Walkerton, m'dziko la Canada, kumene madzi a pa mpope anapha anthu 7 ndi kudwalitsa ena oposa 2,300 m'mwezi wa Meyi, chaka cha 2000. Mbiri imeneyi inafufuzidwa pamaso pa woweruza, mboni zinalumbira, ndipo mabuku a nchito anatsegulidwa, kotero kuti tikhoza kutsata tsiku ndi tsiku m'mene tsokalo linayendera. Canada ndi dziko lolemera, ndipo m'taunimo makina analipo, mankhwala analiponso. Tsono tiyeni tione chimene chinasowa.

Tauni ndi Zitsime Zache

Walkerton ili m'chigawo cha Ontario, m'mbali mwa mtsinje wa Saugeen, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Toronto. Pa nthawi ya nkhani yathu munali anthu ngati 4,800, ndipo pozungulira ponse panali minda ndi makola a alimi a ng'ombe. Madzi a tauniyo anali kuchokera m'zitsime zitatu zoboola pansi, zimene anazitcha ndi manambala: chitsime 5, chitsime 6 ndi chitsime 7. Makina anali kukoka madziwo, kuwathira mankhwala a klorini, ndi kuwakankhira m'mipope yonka ku nyumba, ku sukulu ndi ku chipatala.

Chitsime 5 chinakumbidwa m'chaka cha 1978, ndipo chinali chosazama, pakuti kuya kwache konse kunali ngati mamita 15, ndipo madzi anali kulowamo pa mamita 5 kufikira 8 okha. Monga mudziwa, dothi lochindikala lili ngati sefa: madzi a mvula akamatsika pang'onopang'ono, zonyansa zitsalira kumwamba. Koma pa malo amenewa dothi linali lochepa, ndipo pansi pache panali thanthwe la mwala wa njereza lokhala ndi ming'alu yambiri, m'mene madzi ayenda msanga osasefeka. Katswiri amene anapima chitsimecho chiri chatsopano anapezamo tizirombo ta m'chimbudzi, nalangiza kuti madziwo azithiridwa klorini nthawi zonse, ndi kuti malo ozungulira chitsimecho apatulidwe, asamachitikepo za ulimi zodetsa madzi. Langizo la malolo silinatsatidwe. Chotero chiyambire chaka choyamba, moyo wa tauni yonse unatsamira pa chinthu chimodzi, ndicho klorini.

Nchito ya Klorini

Kuti timvetse zotsatirazi tiyenera kudziwa m'mene klorini agwirira nchito. Mankhwala amenewa anayamba kuthiridwa m'madzi a mizinda kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900: ku Lincoln, ku Mangalande, m'chaka cha 1905, pa mliri wa taifodi, ndi ku Jersey City, ku Amereka, m'chaka cha 1908. Kuyambira pamenepo matenda a taifodi anachepa kwambiri m'mizinda yothira klorini.

Klorini akalowa m'madzi amenyana ndi zonyansa zonse zimene azipeza, ndipo pomenyanapo iye mwini atha. Madzi akakhala oyera, klorini wambiri atsala. Akakhala ndi ndowe kapena matope, klorini amezedwa yense, ndipo tizirombo totsala tipitirira tamoyo. Chifukwa chache wosamala madzi sayenera kukhutira ndi kuthira kokha, koma ayenera kupima klorini wotsalayo tsiku liri lonse. Ku chitsime 5 muyeso wofunika unali mamiligalamu 0.5 pa lita imodzi, patapita mphindi 15 chithiridwire. Wotsalayo ali ngati mlonda wa pa chipata: akasowa, tidziwa kuti mdani walowa. Kupimako ndi nchito ya mphindi zowerengeka, ndipo nambala yopezekayo ilembedwa m'buku la tsiku ndi tsiku.

Mdani wa ku Walkerton anali kachirombo kotchedwa E. coli, dzina lochokera kwa dotolo Theodor Escherich amene anakalongosola m'chaka cha 1885. Kamakhala m'matumbo a anthu ndi a nyama, kotero kuti kupezeka kwache m'madzi ndi umboni wakuti mwalowa chimbudzi. Mitundu yache yambiri siidwalitsa, koma ulipo mtundu wina, O157:H7, umene unadziwika kuti udwalitsa anthu m'chaka cha 1982. Mtundu umenewu ukhala m'ng'ombe osaibvuta. Ukalowa mwa munthu utulutsa ululu wochititsa kutsegula m'mimba kwa mwazi, ndipo mwa ana ang'ono ndi okalamba ukhoza kuononga impso. Matendawo aoneka patapita masiku atatu kapena anai. Pamodzi nao m'madziwo munalowanso kachirombo kena kotsegula m'mimba, kotchedwa Campylobacter. Tonseti sitioneka ndi maso, sitinunkha, ndipo sitisintha kukoma kwa madzi. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Osamala Madzi

Madzi a Walkerton anali m'manja mwa bungwe la tauni loyang'anira madzi ndi magetsi. Mkulu wache anali Stan Koebel, ndipo kapitao anali mphwache, Frank Koebel. Onse awiri analowa nchitoyo ali anyamata, nakwera pang'onopang'ono, ndipo makalata ao a umisiri anawalandira chifukwa cha zaka zimene anagwira nchito, osalemba mayeso. Anali odziwa kukonza makina ndi mipope, koma za tizirombo sanaphunzire mokwanira, ndipo kuopsa kwa E. coli sanakuzindikire. Iwo anakhulupirira ndi mtima wonse kuti madzi a pansi pa nthaka ali abwino mwa iwo okha. Anchito a bungwelo anali kumwa madzi osathira mankhwala pa chitsime pomwepo. Ndiponso anthu ena a m'tauni anali kudandaula ndi fungo la klorini, ndipo ichi chinawalimbikitsa kuthira wochepa.

Kuchokera m'chikhulupiriro chimenechi munabadwa chizolowezi choipa. Kwa zaka zoposa 20, masiku ambiri anchito sanali kupima klorini wotsala, koma anali kungolemba m'buku nambala yooneka bwino, kawirikawiri 0.5 kapena 0.75. Nthawi zina potumiza madzi kokapimidwa, anali kutunga pa malo apafupi, nalemba pa botolo dzina la malo ena. Oyendera a Boma anafika m'zaka za 1991, 1995 ndi 1998, ndipo anaona zolakwa zina. Mkulu wa bungwelo analonjeza kukonza, koma panalibe wobwerera kudzaona ngati lonjezolo lasungidwa. Zaka zinapita popanda mliri, ndipo chaka chiri chonse chopita bwino chinaoneka ngati umboni wakuti kupimako kulibe nchito.

Mvula ya Meyi

Kumapeto kwa Epulo, chaka cha 2000, mlimi wina woyandikana ndi chitsime 5 anathira manyowa a ng'ombe m'munda mwache. Tinene pano kuti woweruza anapeza kuti mlimiyo anatsata njira zoyenera za ulimi, ndipo analibe mlandu. Kuyambira pa 8 kufikira pa 12 Meyi kunagwa mvula yokwana mamilimita 134, ndipo mamilimita 70 a mvulayo anagwa tsiku limodzi, Lachisanu pa 12. Madziwo anatenga tizirombo ta m'manyowa, natsika nato m'ming'alu ya thanthwe kufikira m'chitsime. Klorini wochepa amene anali kuthiridwa anamezedwa yense.

Pa 13, pa 14 ndi pa 15 Meyi, m'buku la chitsime 5 munalembedwa nambala 0.75, chonsecho palibe anapima. Akadapima pa 13, akadaona kuti mlonda wasowa, ndipo akadatseka chitsimecho anthu ambiri asanamwe. Lolemba pa 15 chitsime 5 chinatsekedwa, ndipo chitsime 7 chinatsegulidwa; koma makina ache othira klorini anali atachotsedwa kuti aikepo atsopano, kotero kuti kufikira pa 19 tauni inalandira madzi opanda mankhwala konse, osakhoza kutsuka mipope imene inali itadetsedwa kale.

Tsiku lomwelo la 15 anchito anatunga madzi natumiza ku nyumba yopimira ya eni ache mumzinda wa London, wa ku Ontario komweko. Lachitatu pa 17 Meyi opimawo anauza Stan Koebel pa lamya ndi pa kalata kuti m'madzimo muli E. coli. Mau amenewa sanafike kwa wina ali yense. Kale, pamene kupima kunali m'manja mwa Boma, zotsatira zoipa zinali kutumizidwa ku Unduna woona za chilengedwe, ndipo Undunawo unali kudziwitsa dotolo wamkulu wa dera. Koma m'chaka cha 1996 Boma la Ontario linaleka kupimira matauni madzi ao, nchitoyo nipita kwa makampani, ndipo silinaike lamulo lokakamiza makampaniwo kudziwitsa akuluakulu a zaumoyo. Chotero mbiri ya imfa inafika kwa munthu mmodzi yekha, yemweyo amene anali ndi chobisa.

Masiku a Chinsinsi

Chizindikiro choyamba chinaoneka mwa ana. Lachinai pa 18 Meyi, ana ngati 20 sanafike pa sukulu ina ya m'taunimo, ndipo anthu anayamba kudandaula za m'mimba. Ku chipatala cha Owen Sound, tauni ina ya kumpoto, dotolo wa ana, Kristen Hallett, analandira ana awiri a matenda ofanana, nazindikira kuti onse awiri achokera ku Walkerton. Pa 19 iye anadziwitsa ofesi ya zaumoyo ya dera. Ichi ndi chitsanzo cha munthu amene anaona kanthu kachilendo nakanena msanga, asanakhale ndi umboni wonse.

Tsiku lomwelo a zaumoyo anaimbira lamya Stan Koebel kawiri, kumfunsa za madzi. Iye anawayankha kuti aganiza kuti madziwo ali bwino. Za kalata ya opima sananene, ngakhale za chitsime chimene chinayenda masiku anai chopanda klorini. M'malo mwache anayamba mwakachetechete kutsuka mipope ndi kuonjeza mankhwala, poyembekeza kuti bvutolo litha wina asanadziwe. Loweruka anamfunsanso, ndipo anabisabe. Woweruza anapeza kuti munthuyu sanafune kupweteka ali yense, pakuti iye mwini anapitiriza kumwa madzi omwewo. Chimene anaopa ndi kuululika kwa zolakwa zache. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma pano manyazi a munthu mmodzi anagwera tauni yonse. Pokhulupirira mau ache, a zaumoyo anataya masiku awiri alikufunafuna gwero la matendawo m'zakudya, pamene odwala otsegula m'mimba, ouzidwa kumwa madzi ambiri, analikumwa a pa mpope omwewo.

Lamulungu pa 21 Meyi, dotolo wamkulu wa dera, Murray McQuigge, ndi anzache, poona kuti odwala ali a misinkhu yonse ndi a mbali zonse za tauni, ndipo palibe chakudya chimene onsewo anadyera pamodzi, analengeza pa wailesi kuti anthu aziwiritsa madzi asanamwe. Anachita ichi asanalandire umboni wa opima, natunganso okha madzi kuti akapimidwe. Lolemba pa 22 munthu woyamba anamwalira. Pa 23 zotsatira za a zaumoyo zinatsimikiza kuti m'mipope muli E. coli. M'masiku omwewo buku la chitsime 7 linasinthidwa ndi Frank Koebel, pouzidwa ndi mkulu wache, kuti lioneke ngati klorini anali kuthiridwa. Odwala kwambiri ananyamulidwa pa ndege kunka ku zipatala za ku London. Anthu 27, ambiri a iwo ana, anadwala nthenda yoononga impso, ndipo mwa anthu 7 omwalira munali mwana wa zaka ziwiri. Lamulo lowiritsa madzi linakhalapo kufikira pa 5 Disembala, miyezi yoposa isanu ndi umodzi, pamene mipope ya tauni yonse inali kutsukidwa nyumba ndi nyumba. Madotolo amene anatsata odwalawo kwa zaka zingapo anapeza kuti ena anatsala ndi mabvuto a m'mimba, a impso ndi a kuthamanga kwa mwazi.

Kufufuza kwa Woweruza

Boma la Ontario linasankha woweruza Dennis O'Connor kuti afufuze nkhaniyi. Iye anakhala ku Walkerton komweko, namva mboni zambiri, kuyambira ofedwa kufikira nduna yaikulu ya chigawocho, Mike Harris. Gawo loyamba la zopeza zache linatuluka mu Januwale 2002, ndipo lachiwiri, lokhala ndi malangizo 93, mu Meyi chaka chomwecho. Akatswiri anayerekeza tizirombo ta mwa odwala ndi ta m'ng'ombe za pafupi ndi chitsime 5, napeza kuti n'tofanana.

Kukadakhala kwapafupi kusenzetsa abale awiriwo mlandu wonse, koma woweruzayo sanatero. Anaonetsa kuti panali mipanda ingapo yoyenera kutchinjiriza tauni, ndipo uli wonse unali ndi chiboo. Malo a chitsime sanatetezedwe. Kuyambira 1994 malangizo a Boma anafuna kuti zitsime zolowedwa ndi madzi a pamwamba zikhale ndi makina opima klorini usana ndi usiku, okhoza kutseka chitsime okha. Koma Unduna sunabwerere ku zitsime zakale, ndipo chitsime 5 chinalibe makinawo. Oyendera anaona zolakwa osazitsata. Akuluakulu osankhidwa kuyang'anira bungwe la madzi anali kusamala za ndalama, nasiya za ubwino wa madzi m'manja mwa mkulu wa nchito. Ndiponso kuyambira 1996 Boma linachepetsa ndalama za Unduna woona za chilengedwe, nilichotsa anchito oposa 750, lingakhale linachenjezedwa kuti kutero kukhoza kuika moyo wa anthu pangozi. Woweruzayo anawerengera kuti a zaumoyo akadauzidwa zoona pa 19 Meyi, anthu 300 kapena 400 sakadadwala.

Tikayang'ana bwino tiona kuti mlonda ali yense anatsamira pa mnzache. Anthu anakhulupirira bungwe. Akuluakulu a bungwe anakhulupirira mkulu wa nchito. Oyendera anakhulupirira buku. Ndipo olemba bukulo anakhulupirira chitsime. Pansi pa onsewo panali nambala imene munthu analemba osapima.

Zotsatira Zache

Mu Disembala 2004 abale awiriwo, atabvomera mlandu woika anthu pangozi, anaweruzidwa: Stan Koebel kukhala m'ndende chaka chimodzi, ndi Frank Koebel kutsekeredwa pa nyumba miyezi 9. Chigawo cha Ontario chinakhazikitsa malamulo atsopano: la madzi akumwa m'chaka cha 2002, lokakamiza opima kudziwitsa a zaumoyo msanga akapeza choipa, ndi kufuna kuti osamala madzi aphunzire ndi kulemba mayeso, ndi lina m'chaka cha 2006, loteteza magwero a madzi. Ku Walkerton komweko kunatsegulidwa nyumba yophunzitsira osamala madzi, makamaka a m'matauni ang'onoang'ono.

Koma phunziro la mudzi wina silifika msanga ku mudzi wina. Mu Ogasiti 2016, ku Havelock North, tauni ya anthu ngati 14,000 m'dziko la New Zealand, mvula yaikulu inatengera ndowe za nkhosa m'madzi a chitsime osathiridwa klorini, ndipo anthu oposa 5,000 anadwala. Kumenekonso madzi a pansi pa nthaka anali kuyesedwa abwino mwa iwo okha. Tauni yaing'ono ili pangozi yoposa mzinda waukulu, pakuti anchito ache ndi ochepa, onse adziwana, ndipo n'kobvuta kufunsa mnansi wako kuti akuonetse ngati wapimadi.

Mau kwa Aphunzitsi

Inu amene mulikukonzekera kuphunzitsa ana, mbiri iyi ikukhudzani m'njira zitatu. Poyamba, mudzaphunzitsa za ukhondo. Musalole mwana kutuluka m'kalasi mwanu alikuganiza kuti madzi oyera m'maso ndiwo abwino, kapena kuti mpope uyeretsa madzi. Muwauze kuti kafungo ka klorini ndi chizindikiro chakuti mlonda alipo, ndi kuti pakakhala chikayiko, makamaka itagwa mvula yaikulu, madzi awiritsidwe kufikira atabwadamuka kwa mphindi yathunthu.

Kachiwiri, kaundula wa sukulu ali ndi nchito yoposa kuwerenga ana. Ku Walkerton mipando yopanda ana inanena zoona masiku atatu wailesi isananene. Mphunzitsi akaona ana ambiri ajomba tsiku limodzi ndi nthenda imodzi, adziwitse a chipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti atsimikize yekha chifukwa chache.

Kachitatu, mudzaphunzitsa ana kupima ndi kulemba: kutalika kwa tebulo, kuchuluka kwa mvula, kulemera kwa chimanga. Mwana akapeza nambala yosiyana ndi imene inu munayembekeza, musamdzudzule kuti alembe yokondweretsa inu. Pimani naye kachiwiri, ndipo mumyamikire chifukwa cholemba chimene anaona. Mwana wozolowera kulemba yankho looneka bwino adzachita chomwecho atakula. Ena mwa ana amene adzakhala pamaso panu adzasunga mabuku a zitsime, a zipatala ndi a nkhokwe za mankhwala, ndipo anthu osawadziwa adzamwa ndi kudya mokhulupirira manambala ao.